Munthu Wolemba Masewero: Nchito Yake ndi Malipiro Ake

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi pa nthawi ya alimi. Taisindikiza muno kuti amene sanamve awerenge.)

 

Usiku uno sindikamba za manyowa kapena za mizere. Ndikamba za munthu amene ambiri a ife timamva nchito yake sabata iri yonse koma nkhope yake sitiidziwa, ndiye wolemba masewero. Ena a inu mudzati, "Kodi mlangizi walowa bwanji m'nkhani za masewero? Kodi za chimanga zatha?" Iai, sizinathe. Koma mwezi wathawu, ndiri pa msonkhano m'mudzi wina wa m'dera langa, amfumu a kumeneko anandiitanira pambali nati, "Alangizi, muli mnyamata m'mudzi muno amene amagona mochedwa akulemba m'makope. Ati akulemba masewero. Anzake amtsata, ndipo madzulo ali onse ali kuseri kwa tchalitchi kufuula ndi kuseka. Makolo ayamba kudandaula. Kodi ndimletse?" Tsiku lija ndinawayankha mwachidule pakuti dzuwa linali litapendeka, koma ndinalonjeza kuti ndidzayankha bwino pa wailesi, kuti mafumu ena amene ali ndi funso lomweli amve nawo.

Poyamba timvane chinthu chimodzi. Sewero silimera lokha ngati bonongwe. Mukamva pa wailesi mwamuna ndi mkazi akukangana za ndalama za fodya, inu ndi kumaseka mpaka misozi, dziwani kuti anthu awiriwo sakukangana zenizeni. Aima patsogolo pa makina ojambulira mau, ali yense ndi pepala m'manja, ndipo mau onse amene akunenawo anayamba wawalemba munthu wina ali yekha. Munthu ameneyo ndiye tikunena.

Olemba masewero alipo a mitundu iwiri. Ena analembedwa nchito ndi nyumba ya wailesi kapena ndi bungwe, amalandira malipiro pa mwezi, ndipo amalemba zimene auzidwa. Amenewa ali ngati munthu wogwira nchito pa esiteti: mvula ibwere kapena isabwere, mwezi ukatha alandira. Ena ndi odziimira paokha. Amenewa ali ngati inu eni munda. Alemba okha, afuna okha anthu osewera, afuna okha malo oonetserako, alengeza okha, ndipo anthu akapanda kubwera, kutayika kwake nkwawo. Mnyamata wa amfumu aja ali m'gulu lachiwirili, ngakhale iye mwini kapena sanadziwebe kulemera kwa katundu amene wasenza.

Chitsanzo cha Du Chisiza

Kuti nkhaniyi imveke bwino nditenga chitsanzo cha munthu mmodzi wa dziko lathu lino amene anagwira nchitoyi poyera, ndiye malemu Du Chisiza Jr. Akuluakulu mukumbukira atate ake, a Dunduzu Chisiza, amene anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, namwalira pa ngozi ya galimoto pa Thondwe, pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, m'mwezi wa September 1962. Mwanayo anabadwa pambuyo pake, mu March 1963, kotero sanaone nkhope ya atate ake. Ali pa sukulu ya sekondale ya HHI ku Blantyre analemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack, limene linapambana pa mpikisano wa masewero wa sukulu za sekondale m'dziko lonse. Pambuyo pake anapita ku America kukaphunzira za masewero mu mzinda wa Philadelphia.

Atabwerako mu 1987 anachita chinthu chimene anthu ambiri akanachiyesa kupusa. Munthu wa maphunziro otere masiku amenewo akanatha kupeza mpando mu ofesi, nadya mwamtendere. Koma iye anayambitsa gulu lake, Wakhumbata Ensemble Theatre, limene linali gulu loyamba m'Malawi la anthu ofuna kudya za masewero basi, osati kusewera Loweruka lokha ataweruka ku nchito zina. Iye yemweyo ndiye analemba masewero ambiri a gululo, iye yemweyo nkuphunzitsa osewera, iye yemweyo nkusewera nawo. Analemba masewero oposa 20. Ena mwa iwo ndi Papa's Empire, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart ndi Democracy Boulevard. Gululo linkaonetsa ku French Cultural Centre ku Blantyre, malo amene tsopano akutchedwa Blantyre Cultural Centre, ndiponso linkayenda m'maholo a m'mizinda ina.

Masiku amenewo wolemba anali ndi bvuto lina limene achinyamata a lero sangalimvetse msanga. Panali lamulo la mu 1968 lakuti sewero liri lonse, lisanaonetsedwe, liyambe lapita ku bungwe la Boma loona zosangalatsa, kuti akaliwerenge ndi kulibvomereza. Mau amene sanawakonde ankawadula, kapena kukana sewero lonse. Chifukwa chake olemba anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, monga achitira amai pa mtondo poimba nyimbo yodzudzula mwamuna waulesi osamtchula dzina. Anthu amene anaona Papa's Empire anamva okha kuti likunena za ulamuliro wa nthawi imeneyo. Komabe mu 1993 Du Chisiza anabvomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'Boma lomwelo la Dr Banda, ndipo ena amene ankamkonda anakhumudwa nazo. Chisankho cha 1994 chitapita anapitiriza masewero, mpaka anamwalira mu February 1999, asanakwanitse zaka 36. Mai Gertrude Kamkwatira, amene ankasewera naye, anatsogolera gululo, kenaka anayambitsa lawo lotchedwa Wanna Do, nalemba masewero awoawo mpaka imfa yao mu 2006.

Ine ndimamlemekeza munthu ameneyu, koma ndinene chimodzi chimene ndimachiona. Masewero ake ambiri anali a m'Chingerezi, kotero anafika kwa anthu a m'tauni ndi ana a sukulu, koma kwa ife a kumudzi anafika pang'ono. Amene anatifika ndi a Kwathu Drama Group, amene ankasewera m'Chichewa. Ndani mwa inu sadziwa Izeki ndi Jakobo? Maina ao enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, ndipo onse awiri anatisiya, woyambayo mu 2016, winayo mu 2021. Tsono wolemba ali yense, asanalembe liu limodzi, ayambe wadzifunsa kuti akulembera yani, monga mlimi ayamba waona dothi asanasankhe mbeu.

Sewero la maso ndi sewero la makutu

Pano ndikhalitsa pang'ono, pakuti ndipo pali luso lenileni, ndipo ambiri amaganiza kuti sewero la pa bwalo ndi la pa wailesi ndi chinthu chimodzi. Sichoncho.

Tiyerekeze kuti wolemba afuna kuonetsa mai amene wapeza chimanga chake chitafumbwa. Pa bwalo nchito yake njochepa. Mai uja adzapita pa chinthu choimira nkhokwe, adzapisa dzanja, adzatulutsa chitsononkho, nachiyang'ana, nakhala pansi atagwira tsaya. Sananene kanthu, koma nonse mwamva. Maso anu agwira nchito imene wolemba akanagwira. Pa bwalo munthu akhoza kudziwika ndi zobvala zake: wabvala jekete long'ambika ndi chipewa, tadziwa kuti ndi mkulu wosauka, wanyamula sikelo, tadziwa kuti ndi wogula mbeu.

Pa wailesi zonsezi palibe. Womvera ali ngati mwana amene akumva nthano usiku moto utazirala. Akamva agogo ati "Padangokhala," iye nati "Tiri tonse," nyumba, nkhalango ndi kalulu yemwe amazimanga yekha m'mutu mwake. Chomwecho wolemba wa pa wailesi ayenera kupatsa khutu zipangizo zomangira. Adzalemba pa pepala kuti pamveke nkhuku, kuti tidziwe kuti tiri pakhomo. Adzalemba kuti pamveke kuphwanyika kwa makoko. Kenaka mai uja afuule, "Kalanga ine! Bambo a mwana, tabwerani mudzaone, chimanga chonse chasanduka ufa!" Taonani kuti m'mau ochepawa wolemba watiuza zinthu zitatu: amene akulankhula ndi mkazi wa pabanja, mwamuna wake ali chapatali, ndipo nankafumbwe walowa m'nkhokwe. Wolemba wosadziwa nchito akanalemba kuti, "Ine tsopano ndaima pa nkhokwe yathu ndipo ndikuona kuti chimanga chafumbwa." Kodi alipo munthu amene amalankhula chotero pakhomo pake? Palibe. Womvera akangomva zotere amadziwa kuti akunamizidwa, napotokola wailesi kufuna nyimbo.

Palinso zina zimene wolemba wa pa wailesi amasamala. Anthu a m'sewero asachuluke pa nthawi imodzi. Atatu kapena anai akwana, pakuti akafika asanu ndi awiri khutu limasokonezeka. Mau ao asafanane: pakhale nkhalamba, mtsikana, mwamuna wa mau aakulu. Aziitanana maina kawirikawiri, makamaka poyamba, kuti tidziwe walowa ndani ndipo watuluka ndani. Munthu amene wakhala chete nthawi yaitali, kwa womvera ndiye kuti wachoka, ngakhale pa pepala akadali pomwepo. Ndiponso pali nthawi. Pa bwalo sewero likakoma mukhoza kulitalikitsa mpaka mdima. Ku wailesi akakupatsani mphindi 15 kapena 30, ndi zomwezo, pakuti pambuyo panu pakubwera nkhani kapena uthenga wa maliro. Wolemba amawerenga sewero lake mokweza, wochi iri patsogolo, nadula mau amene iye mwini amawakonda. Kumeneku kuli ngati kupatulira chimanga: umazula mmera wabwinobwino kuti wotsalawo ukule.

Sewero likakhala lopitirira sabata ndi sabata, wolemba amasiya gawo liri lonse nkhani iri pakati, ngongole isanabwezedwe, mlandu usanagamulidwe, kuti inu Lolemba linalo muthamangire ku wailesi. Mumati ndi mwangozi kuti nthawi imatha pamene pafika pokoma? Iai, anachita kukonza.

Chifukwa chake ife a zaulimi tiri nayo nchito nkhaniyi

Ndikudziwa bwino kuti nkhani zanga zikayamba, ena a inu mumatseka wailesi kusunga mabatire, koma sewero likayamba mumaitana ndi a nyumba yoyandikana omwe. Sindikwiya nazo, pakuti si kuno kokha. Ku England, nkhondo yachiwiri itatha, chakudya chinali chopereŵera ndipo Boma linafuna kuti alimi akolole zambiri. Ku wailesi ya BBC kunali mkulu wina dzina lake Godfrey Baseley amene ankakonza nkhani za alimi zonga zangazi. Pa msonkhano wina mlimi anamuuza kuti chimene alimi afuna ndi sewero lokoka mtima longa masewero ena amene anthu ankawakonda, koma lonena za ulimi. Motero munabadwa sewero lotchedwa The Archers, lonena za mabanja a m'mudzi wopeka wa Ambridge. Linayamba kumveka m'dziko lonselo pa 1 January 1951, ndipo pa zaka zoyamba a unduna wa zaulimi ankathandiza ndi malangizo olowa m'sewerolo. Mpaka lero likumvekabe, patapita zaka zoposa 70.

Kuno kwathu wailesi inayamba kumveka m'Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kooneka ngati sefuliya, kamene mtengo wake unali mapaundi asanu, ndipo ndiko kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu wamba. MBC inayamba mu 1964, chaka cha ufulu wathu. Kuyambira pamenepo tamva Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Mu 1997 a Story Workshop anayamba Zimachitika, ndipo ndi omwewo anakonza Mwana Alirenji, wonena za kukhala ndi chakudya chokwanira pakhomo. Tikuferanji, m'mene a Michael Usi ankasewera ngati Manganya, linatiuza za Edzi zimene ambiri tinkachita nazo manyazi kuzikamba. Ophunzira a ku Chancellor College nawonso, ndi gulu lao loyendayenda, anapita ku Mbalachanda mu 1981, ndipo zaka zotsatira anapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, kumene ankapeka masewero pamodzi ndi eni mudzi onena za zitsime ndi zimbudzi, anthu nkumayankhapo sewero liri mkati.

Koma pano ndinene mau amene kapena anzanga a m'maofesi sadzakondwera nawo. Sewero limene alipirira a bungwe kapena ife a Boma kawirikawiri limatuluka lozizira. Chifukwa chake nchakuti wopereka ndalama amafuna uthenga wake umveke m'chiganizo chiri chonse. Mumapeza mlimi wa m'sewero ndi chitsiru chosadziwa kanthu, mlangizi ndi mngelo wodziwa zonse, ndipo pomaliza chitsiru chija chimagwada ndi kunena kuti chalapa. Inu alimi mukaona zotere mumaseka, koma simusintha kanthu, pakuti mukudziwa kuti si inu amene mukunenedwa. Inu simuli zitsiru. Munthu amene amagulitsa chimanga chake mu May pa mtengo wotsika amadziwa bwino lomwe kuti mu January adzachigula modula. Wagulitsa chifukwa mwana wathamangitsidwa ku sukulu, kapena mwini ngongole waima pakhomo. Wolemba wodziimira payekha, amene amadya nsima imodzi ndi inu, amadziwa zimenezi, ndipo ali ndi ufulu wakuzilemba monga ziri. Ndicho chifukwa chake ndi wofunika kwa ife, ngakhale nthawi zina mlangizi wa m'sewero lake amatuluka ali munthu wochedwa pa misonkhano ndi wokonda nkhuku za eni ake. Ndinaonapo sewero lotere ndiri pa mpando wa kutsogolo, ndipo ndinaseka nawo, ngakhale kuseka kwake kunali kwa mano okha.

Kusindikiza

Sewero limene silinalembedwe bwino ndi kusungidwa limafa pamodzi ndi amene analisewera. Masewero ambiri amene anatiseketsa kale lero sitingawapeze pena pali ponse. Amene anafika m'mabuku ndi ochepa. Mu 1976 a James Gibbs anasonkhanitsa masewero asanu ndi anai m'buku lotchedwa Nine Malawian Plays, ndipo mu 1978 munatuluka The Rainmaker la malemu Steve Chimombo, lonena za Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje. Mabuku awiriwa anawasindikiza a Popular Publications ku Limbe. Pambuyo pake a Chimombo anayamba kudzisindikizira okha pansi pa dzina la WASI.

Nchifukwa ninji mabuku a masewero ndi ochepa? Wosindikiza amafuna ndalama zake poyamba, buku lisanagulidwe ndi limodzi lomwe. Ndipo ogula ndi ochepa, pakuti anthu amakonda kuona sewero koposa kuliwerenga. Gulu la anthu khumi limagula buku limodzi, otsalawo nkukopera. Buku limayenda malonda makamaka likasankhidwa kuti liŵerengedwe m'sukulu pokonzekera mayeso, koma mwai umenewo umagwera ochepa.

Masiku ano njira zachuluka. Munthu akhoza kutaipitsa sewero lake pa kompyuta pa boma kapena pa malo a malonda, nasindikiza makope khumi okha. Akhoza kujambula mau pa foni m'chipinda chopanda phokoso, natumiza pa WhatsApp, kapena kupita nalo ku wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji. Kufalitsa kwapepuka. Chimene sichinapepuke ndi kulipidwa, pakuti chinthu chikalowa m'foni imodzi, mawa chiri m'mafoni zana, mwini wake osaonapo ndi tambala yemwe.

Kuitana anthu

Za kulengeza sinditalikitsa, pakuti ziri ngati kugulitsa tomato: ukhoza kulima wabwino, koma ukapanda kupita naye pa mseu aolera m'munda. Wolemba amamata mapepala pa chigayo, pa msika ndi pa chipatala, amapempha kuti alengeze ku tchalitchi ndi ku mzikiti, ndipo ngati ali nazo ndalama amalipira chilengezo pa wailesi. Asankhe nyengo mwanzeru. Mu January ndi February anthu ali kupalira ndi kubandira, m'matumba mulibe kanthu, ndipo mvula ikhoza kubalalitsa bwalo. Nyengo yabwino ndi pambuyo pa kukolola. Asanatchule mtengo wa pakhomo ayambe waŵerengera zolipira holo, ulendo, chakudya cha osewera ndi mapepala. Zotsala ndizo agawane, ndipo agwirizane kagawidwe kake sewero lisanachitike. Magulu ambiri amene ndawaona akupasuka sanapasuke chifukwa cha kusowa luso, koma chifukwa cha mbale ya ndalama usiku wa sewero.

Mwini sewero ndani?

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kukamba nkhaniyi, ndipo mafumu mumvetsetse.

Zaka zingapo zapitazo, m'dera limene ndinayambira nchito, munali mtsikana amene analemba sewero lonena za banja logulitsa chimanga chonse nthawi yokolola. Linali labwino koposa, ndipo ine ndinampempha kuti gulu lake lisewere pa tsiku la chionetsero cha zaulimi. Kunabwera alendo a bungwe lina, sinditchula dzina. Atatha kuona anamyamikira, napempha kope lake kuti akaliŵerenge bwino ku ofesi. Mtsikanayo, pokondwa kuti anthu a galimoto amuona, anapereka. Linali kope lokhalo. Patapita miyezi tinamva kuti sewero lomwelo likuseweredwa m'madera ena ndi gulu lina lolipidwa, maina okha atasinthidwa. Mtsikanayo sanalandire kanthu, dzina lake silinatchulidwe, ndipo kope silinabwerere. Atadandaula anamfunsa kuti, "Umboni wako uli kuti?" Analibe. Ine ndiri ndi mbali yanga pa mlandu umenewu, pakuti ndinaimirira pomwepo pamene ankapereka kopelo, ndipo sindinanene kanthu. Mtsikanayo analeka kulemba.

Dziwani kuti lamulo la dziko lino limati chimene munthu wapeka ndi kulemba ndi chuma chake, monga mbuzi ya m'khola lake. Lamulo loteteza olemba ndi oimba linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo linalembedwanso mwatsopano mu 2016. Kuyambira mu 1992 pali bungwe la COSOMA limene nchito yake ndi kuyang'anira zimenezi ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa nchito zopeka za anzao. Wolemba akhoza kupita kukalembetsa kumeneko. Koma COSOMA iri kutali ndi midzi yambiri, pamene amfumu ali pafupi. Tsono pali zinthu zimene mungachite inu eni. Wolemba alembe dzina lake ndi tsiku pa kope lake. Asapereke kope loyamba kwa munthu ali yense, apereke lokopera. Mlendo akafuna sewero, nkhaniyo ikambidwe pamaso pa amfumu kapena aphunzitsi aakulu, ndipo ilembedwe pa pepala, onse nkusainira.

M'pepalamo mumveke chinthu chimodzi chimene inu mafumu mumachidziwa koposa ine, pakuti mumaweruza milandu yake chaka ndi chaka: kubwereketsa munda ndi kugulitsa munda ndi zinthu ziŵiri. Wolemba akhoza kulola bungwe kuti lisewere sewero lake kasanu, kapena kuti limveke pa wailesi kamodzi, nalandira ndalama zake, sewero likadali lake. Kumeneko ndi kubwereketsa. Akhozanso kuligulitsa lonse, kotero kuti iye mwini sangalisewerenso popanda kupempha. Kumeneko ndi kugulitsa, ndipo mtengo wake uyenera kukhala waukulu. Achinyamata ambiri amasainira pepala la kugulitsa akuyesa la kubwereketsa, chifukwa lalembedwa m'Chingerezi ndipo ndalama ziri kale pa tebulo. Musalole mwana wa m'mudzi mwanu kusaina chimene sanamasuliridwe.

Yankho langa kwa amfumu aja

Kodi amletse mnyamatayo? Ine nditi iai, musamletse, koma muitaneni mukambirane. Munda uyambe. Si onse olemba masewero amene adzadya za masewero. Ngakhale Du Chisiza, ndi maphunziro ake onse ndi maholo a m'tauni, sanaipeze nchitoyi yopepuka. Mnyamata amene wasiya khasu chifukwa cha kope adzapempha ufa kwa amake mu February. Muwapatse masiku ndi nthawi yokonzekera, ndipo atsikana azibwerera kwao kusanade, kuti makolo asakhale ndi chonena. Asatchule dzina la munthu wa m'mudzi kapena kumyerekeza moti onse amzindikire, pakuti mlandu wake udzabwera kwa inu nomwe. Asaulule za kudambwe kapena za kutsimba, ndipo asanyoze chipembedzo cha anzake.

Koma inunso, amfumu, muli ndi mbali yanu. Mukampatsa bwalo, musamuuze kuti akutamandeni. Tsiku lina m'sewero lake mudzakhala mfumu yokondera pogawa makuponi kapena yogulitsa dambo la mudzi. Ngati si inu, sekani nawo. Ngati ndi inu, mwamva mwaulemu chimene anthu anu amanena kale ku chitsime. Ndipo alendo a mabungwe akabwera kudzapempha achinyamata anu kuti asewere pa msonkhano wao, afunseni poyera kuti wolemba alandira zingati, pakuti woyendetsa galimoto lao ndi wophika tiyi onse amalandira.

Dzulo ndinalandira uthenga kuti amfumu aja akumana naye mnyamatayo. Agwirizana kuti azikonzekera Lachitatu ndi Loweruka masana, ndipo sewero lidzaonetsedwa pa bwalo la mudzi anthu akatha kukolola. Kope lake analitengera kwa aphunzitsi aakulu, amene alembapo tsiku ndi kudindapo chidindo cha sukulu. Ine ndapempha kuti andisungire malo, koma ulendo uno a kumbuyo.

Sabata ya mawa, nthawi yonga yomweyi, tidzakamba za kuyanika chimanga ndi kukonza nkhokwe tisanakolole. Tsalani bwino nonse.